Mwana wa pa njinga, wosamva ndi wosaona bwino: angaphunzire bwanji gule limodzi ndi anzake?

Funso: "Ndimaphunzitsa Expressive Arts ku Sitandade 5. Ana alipo 68 ndipo piriyodi ndi ya mphindi 35. M'kalasimu muli mtsikana wosamva, mnyamata wa cerebral palsy (ulumali wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo) yemwe amayendera njinga ya olumala, wina wachialubino amene saona bwino, ndi winanso wodwala khunyu. Ikafika nthawi ya magule, aphunzitsi anzanga amati anayiwa azikhala pambali n'kumawomba m'manja kuopa kuti angavulale. Mtima wanga sukuvomera. Aphunzitsi aakulu akuti ndilembe mfundo zanga za kaphunzitsidwe kuti azione. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, mantha a anzanuwo si achabe, ndipo m'munsimu ndatchula malo enieni amene mwana angavulalire. Koma kuwomba m'manja uli pa benchi teremu yonse si kuphunzira gule. Mwanayo akuphunzira kuti thupi lake ndi lofunika kumangoonerera, ndipo ana 64 enawo akuphunziranso zomwezo za iye.

Musanalembe kanthu, dzifunseni chimene mumaphunzitsa mukamati mukuphunzitsa chimtali. Ambiri amayankha ndi mapazi: ili kutsogolo, ili kumbuyo, chiuno chitere. Gule akakhala mapazi okha, ndiye kuti mnyamata wa pa njinga walephera kale asanalowe m'bwalo. Tsono muphwasuleni guleyo muone zimene zili m'kati mwake. Muli kugunda kwa ng'oma kumene aliyense ayenera kukusunga. Muli kuzungulira pamodzi, aliyense akuona anzake. Muli wotsogolera nyimbo ndi ovomera. Muli nthawi yotsitsa thupi ndi nthawi yolinyamula, ndiponso poima mwadzidzidzi ng'oma ikadula. Mukapita ku chitelera mupezanso kulowa pakati awiriawiri n'kubwerera pamalo. Sitepe ya mapazi ndi chinthu chimodzi chokha pa zonsezi, ndipo ndi chokhacho chimene mnyamata wanuyo sangachite monga anzake.

Mfundo imene zina zonse zitsamirepo ndi iyi: funso likhale limodzi kwa kalasi yonse, mayankho akhale ambiri. Mukati "dumphani pa kugunda kwachinayi", mwatchula yankho, ndipo mwatsekera ena kunja. Mukati "pa kugunda kwachinayi, china chake m'thupi mwanu chinyamuke mwadzidzidzi", mwafunsa funso. Wina adumpha, wina akweza mapewa, wina aponya dzanja m'mwamba, ndipo onse mungawawongolere pa chinthu chimodzimodzi: kodi zachitika pa kugunda kwachinayi, ndipo kodi zachitikadi mwadzidzidzi?

Kaphunzitsidwe aka si kachilendo. Mu 1991 ku London, Celeste Dandeker, wovina amene anavulala fupa la msana ali pa siteji mu 1973 n'kuyamba kuyendera njinga, anayambitsa gulu la ovina lotchedwa Candoco pamodzi ndi Adam Benjamin. Gululi linakana kuti ovina aulumali azionedwa ngati odwala ochita mafizo, ndipo linkawayeza ndi muyeso wa luso monga wovina wina aliyense. Kufupi kuno, ku Cape Town, gulu la Unmute limagwira ntchito yofanana. Mbali ya muyesoyo musaiiwale, chifukwa ndi pamene aphunzitsi amtima wabwino amagwera. Akamva zakuti mayankho ndi ambiri amayamba kuvomera chilichonse. Mwambi umati gule n'aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo, ndipo ndi woona pa nkhani yoti ndani alowe m'bwalo. Koma kalasi si ukwati. Mwana amene wachedwa pa kugunda auzidwe kuti wachedwa, kaya wayimirira kaya ali pa njinga.

Tsopano za thupi ndi maganizo. Mawuwa amamveka ngati a ku semina, koma ali ndi tanthauzo logwirika. Tsekani maso, kwezani dzanja lamanja. Mukudziwa pamene lili ngakhale simukuliona. Uthengawo ukuchokera m'minofu ndi molumikizana mafupa. M'kati mwa khutu muli timachubu titatu tokhala ndi madzi, ndi tizigawo tina pafupi nato, zimene zimauza ubongo kuti mutu wapendekeka kapena ukuzungulira. Palinso kumva za m'kati mwako: mtima ukugunda bwanji, mpweya ukukwana kapena ayi, watopa, uli ndi ludzu. Wovina waluso amadalira kwambiri zitatuzi, osati maso okha. N'chifukwa chake mwana woyang'ana mapazi ake amatsalira m'mbuyo mwa ng'oma, pakuti uthenga wodzera m'maso umachedwerapo kusiyana ndi wochokera m'minofu.

Choncho kulumikiza thupi ndi maganizo ndi kuphunzitsa mwana kutchera khutu ku uthenga umenewu, kuutchula, n'kusankha chochita nawo. Chida chake ndi mafunso afupiafupi ofunsidwa ana akangoima, thupi lidakali lotentha. Kulemera kwako kunali kuti? Kuyendako kunayambira pati, m'chiuno, paphewa kapena kumutu? Unapuma liti? Auzeni aziyankha poloza pathupi, osati ndi pakamwa. Mukatero ana 68 ayankha nthawi imodzi, ndipo mtsikana wosamva ndi mnyamata amene mawu amatuluka movutikira ayankha mofanana ndi anzawo. Mwana akaloza bondo pamene inu mumayembekezera chiuno, musamutsutse. Muuzeni abwereze akumvetsera, kenaka mumufunsenso.

Mufunikanso mawu okambira kayendedwe ka thupi popanda kutchula chiwalo. Rudolf Laban, amene anagwira ntchito ku Germany ndipo kenaka ku England, anagawa mphamvu ya kayendedwe panayi: kulemera (mwamphamvu kapena mopepuka), nthawi (mwadzidzidzi kapena modekha), malo (molunjika kapena mozungulirazungulira), ndi kuyenderera (momasuka kapena modzigwira). Tengani ingoma. Chimene chimachititsa kuti ingoma ikhale ingoma si phazi palokha koma kugwa kwa thupi mwamphamvu, mwadzidzidzi, molunjika pansi. Mnyamata wa pa njinga angagwetse nkhonya pantchafu kapena kutsitsa chishango mofananamo, ndipo wodziwa ingoma aizindikira. Akatsitsa mofewa, sanavine ingoma, ndipo muli ndi mawu omuuzira chimene chasowa.

Kwathu kuno nkhani yoti ng'oma imafika mu mtima wa munthu kudzera m'thupi si yatsopano. Vimbuza ya Atumbuka, imene UNESCO inaizindikira mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndi gule wochiza. Koma awiriwa ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo si oseweretsa m'kalasi. Ndiponso inu musalonjeze machiritso. Gule sachiza cerebral palsy, sabwezera kumva, ndipo zimene ena amanena kuti kukhudza bondo lamanzere ndi dzanja lamanja kumakhozetsa masamu n'zokokomeza. Zimene mungalonjeze moona mtima ndi izi: mwana adziwa bwino thupi lake, asunga kugunda, adikira nthawi yake, ndipo aphunzira kuwerenga thupi la mnzake.

Tiyeni ku bwalo. Ana 68 akaima mozungulira, aliyense ndi mita imodzi, bwalolo likhala pafupifupi mamita 22 kuchoka mbali ina kufika ina. Pamenepo mawu anu safika, manja anu saoneka. Agaweni m'mabwalo anayi a ana 17, lililonse la mamita pafupifupi asanu ndi theka, ng'oma ikhale pakati pa onse. Ana anayi aja musawaunjike m'bwalo limodzi, chifukwa imeneyo ndi benchi ija yangosintha malo. Sankhani pamthunzi, pansi polimba. Timatayala takutsogolo ta njinga timatitimira mumchenga, ndipo njinga imafuna mita imodzi ndi theka kuti itembenuke. Sesani miyala ndi minga, lembani malire a mabwalo ndi phulusa, ndipo malowo akhale omwewo tsiku lililonse.

Mphindi zisanu ndi imodzi zoyamba ndi zodzutsa thupi, ndipo ndondomeko yake isamasinthe. Imene Anne Green Gilbert wa ku Seattle anaitcha BrainDance ndi yothandiza chifukwa yonse imatheka munthu atakhala pansi. Yambani ndi kupuma mozama kanayi kapena kasanu. Kenaka aliyense adzifinye, adzigogode ndi zala, adzipapase, kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Adzipinde ngati kamba n'kudzitambasula, kanayi. Aweramitse msana n'kuuwongola, kumutu ndi kumchira zikuyenderana. Agwedeze kumtunda kokha miyendo ili chete, kenaka miyendo yokha. Mbali yamanja yokha, kenaka yamanzere. Dzanja liwolokere mbali inayo. Pomaliza apendekeke uku ndi uku kapena azungulire pang'ono, n'kuima mpaka chizungulire chitatha. Kuzunguza khosi lonse musiyeni kwa ana onse. Ndipo mukadzalandira mwana wa Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ka mwana, asapidiguke kapena kutsamira pamutu, chifukwa ena mwa iwo mafupa awiri oyamba a khosi amakhala olobodoka.

Mphindi zisanu zotsatira ndi za kugunda kokha, popanda sitepe: ng'oma imodzi, kugunda kunayi kobwerezabwereza, ana akuonetsa koyambako ndi chiwalo chimene asankha. Kenaka mphindi khumi pa funso limodzi la tsikulo, limodzi lokha, monga kutsitsa ndi kunyamula kulemera. Mphindi zisanu ndi zinayi awiriawiri, kulowa pakati, ndi kuonerana: mabwalo awiri avine, awiri aonerere ali ndi chinthu chimodzi choyang'ana. Mphindi zisanu zomaliza ndi zoziziritsa thupi ndi mafunso aja. Mukachedwa kutuluka m'kalasi, dulani gawo la awiriawiri, osati lomalizali.

Chinthu chaching'ono chimene chimasintha zambiri ndi mpando wanu. Tulukani nawo, ndipo theka la zimene muonetsa muzionetse mutakhala, nthawi zina musanazionetse mutayimirira. Mukamayamba ndi kuyimirira masiku onse n'kumawonjezera kuti "iwe uchite chonchi", ana amamva kuti pali gule weniweni ndi gule wa olumala. Masiku ena kalasi yonse ivine itakhala. Ana ambiri amadabwa kuti popanda miyendo sadziwa chochita ndi msana wawo, pamene mnzawo wa pa njinga anazolowera kale.

Mtsikana wosamva ndi amene aphunzitsi amamuganizira molakwika kwambiri. Amati poti ng'oma imanjenjemeretsa pansi, amva ndi mapazi. Pansi pa matabwa zimathekadi, koma dothi ndi simenti sizinyamula kunjenjemera kokwanira, ndipo munthu akangodumpha wasiya kukhudza pansi. Mupatseni kaye mpata aike dzanja pamtengo wa ng'oma yaikulu, ya mawu otsika, chifukwa ndi amene thupi limawamva bwino. Chigubu chopanda kanthu cha malita 20 atachikumbatira pachifuwa pafupi ndi ng'oma chimathandizanso. Zimenezi n'zoti kugundako kulowe m'thupi. Akayamba kuvina adalira maso, choncho woimba ng'oma aoneke, ndipo mwana mmodzi azitsitsa kansalu koyera pa kugunda koyamba kulikonse.

Apa pali msampha. Ana akumva amadziwiratu kuti ng'oma yatsala pang'ono kudula, chifukwa nyimbo imawachenjeza. Inu mukakweza dzanja pa nthawi yeniyeni yoima, mtsikanayo aima mochedwa nthawi zonse, ndipo muganiza kuti alibe luso. Chizindikiro chibwere kugunda kumodzi kapena kuwiri nthawi isanakwane: zala ziwiri, chala chimodzi, nkhonya. Msampha wina ndi kulankhula mukuonetsa. Sangayang'ane milomo yanu ndi mapazi anu nthawi imodzi. Nenani, imani, onetsani. Dzuwa likhale kumaso kwanu, osati kumbuyo kwanu, apo ayi nkhope yanu ikhala chithunzithunzi chabe. Gwirizanani ndi kalasi yonse zizindikiro zisanu: yamba, ima, bwereza, fulumira, chedwa. Ngati mtsikanayo amadziwa chinenero chamanja, tengani zake, ndipo akhale iye wophunzitsa anzake. A bungwe la anthu osamva la MANAD ndi aphunzitsi a m'sukulu za osamva monga ya ku Mua ndi ya ku Embangweni ndiwo odziwa zizindikiro zoyenera.

Funsaninso makolo chimene chinachititsa kusamvako. Matenda oumitsa khosi amatha kuwononga ndi tizigawo tija ta m'khutu tothandiza kuima bwino. Mwana wotero amadalira maso kuti asagwe, ndiye kumuuza kuti atseke maso akuzungulira n'kumugwetsa. Ngakhale amene alibe vutoli, akatseka maso mwamudulira njira yokhayo yomvera inu. Ena akatseka maso, iye ayang'ane malo amodzi pansi, ndipo mnzake amugogode paphewa nthawi ikatha.

Za mnyamata wa pa njinga. Cerebral palsy imabwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo mwana asanabadwe, pobadwa, kapena ali wakhanda. Ana ambiri otere nzeru zawo zili bwinobwino ngakhale mawu atamavuta, choncho lankhulani naye monga mwana wa Sitandade 5. Mwa ambiri, minofu imauma, ndipo kuumako kumakula ndi liwiro: mukakoka dzanja mofulumira, limalimba kwambiri. Musamuwongole mkono ndi mphamvu, ndipo anzake muwaletse. Phokoso ladzidzidzi ndi chisangalalo chachikulu zimaumitsanso thupi, kotero wenzulo woimbira kumbuyo kwake musiyeni, ndipo ng'oma isanayambe muziwerengera.

Yang'anani kakhalidwe kake musanayang'ane manja. Matako afike kumbuyo kwa mpando, mapazi apondere popondera, lamba ngati alipo amangidwe, mabuleki atsekedwe pamene akuvina ndi kumtunda. Pansi pakakhazikika manja amamasuka. Pakapanda kukhazikika, mphamvu zonse zimathera pa kusagwa, ndipo mumaona mwana wouma amene mukuganiza kuti sakufuna.

Liwiro la ng'oma musalichepetse chifukwa cha iye. Ana ena atopa nazo ndipo amuda. M'malo mwake mupatseni kugunda kotalikirana: ena akamayenda pa kugunda kulikonse, iye agwe pa koyamba kokha mwa kunayi, koma agwe ndendende. Ng'oma yaikulu imachita zomwezo pansi pa zing'onozing'ono, ndipo palibe amene amati ndi yaulesi. Ikani ana ena anayi kapena asanu pa gawo lomwelo kuti likhale gawo la gule, osati la munthu mmodzi. Mukamufunsa kanthu, werengani chamumtima mpaka khumi musanabwereze. Uthenga umatenga nthawi kufika ku minofu, ndipo mukabwereza msanga amayambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njinga ndi mbali ya thupi lake. Saigwira, saitsamira, saikankha popanda kumufunsa. Akafuna kukankhidwa pozungulira, wokankhayo akhale wovina mnzake amene akusunga kugunda ndi mapazi, ndipo mwini njinga ndiye azilamula poyamba ndi poima. Kutsika pa njinga kupita pa mphasa kumapereka kayendedwe kambiri, koma kuchitike iye atafuna, makolo atakuonetsani mmene amamunyamulira, ndipo osamukweza chogwira m'khwapa. Dziwaninso kuti kayendedwe kamene anzake amachita mosavuta iye kamamudyera mphamvu zambiri, ndiye atopa msanga. Papepala lembani mafunso atatu oti makolo akafunse a mafizo ku chipatala cha boma: ziwalo ziti zisakakamizidwe, angakhale kunja kwa njinga nthawi yaitali bwanji, ndipo pali opaleshoni imene anachitidwa.

Kwa mwana wachialubino, ngozi yaikulu ndi dzuwa, makamaka kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 4. Ngati pamthunzi palibe, pemphani kuti piriyodi isunthire m'mawa. Chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali asavule povina. Maso ake amavutika ndi kuwala ndipo saona bwino patali, choncho aime mita imodzi kapena awiri kuchokera kwa woonetsa, dzuwa lili kumbuyo kwake. Mawu akuti "chitani chonchi" kwa iye alibe kanthu. Nenani kuti phazi lamanja patsogolo, bondo lipinde pang'ono. Mawu akakanika, musamugwire miyendo n'kumaipinda. Iye aike manja ake pamwamba pa manja anu kapena pamapewa panu, inu muvine, amve yekha. Mangani maseche kumwendo kwa amene ali pambali pake kuti adziwe ndi khutu pamene bwalo lafika. Ndowa kapena benchi ikasunthidwa, auzidwe.

Wodwala khunyu avine zonse. Kuchita masewera si kumene kumayambitsa kugwa kwa ana ambiri. Zimene zimayambitsa kawirikawiri ndi kudumphitsa mankhwala, kusagona ndi kutentha thupi. Pa gawo lopuma lija asapume mofulumira mwadala, ndipo asakwere pamapewa pa anzake. Akagwa, chotsani zinthu pafupi, ikani chofewa kumutu, musamupanikize, musaike kanthu m'kamwa, yang'anani wotchi, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Uzani kalasi pasadakhale kuti khunyu sapatsirana, ngakhale kudzera m'malovu, apo ayi tsiku limenelo bwalo lonse lithawa.

Kugwirana kukhale ndi lamulo limodzi kwa ana onse 68. Wofuna kugwira mnzake atambasule chikhatho n'kudikira. Mnzakeyo akaika dzanja lake, wavomera. Akapanda kuika, avina moyang'anizana popanda kukhudzana, ndipo safunsidwa chifukwa. Malo ogwirana ndi manja, mikono, mapewa ndi kumtunda kwa msana basi. Ana aulumali amagwidwagwidwa ndi aliyense tsiku lonse popanda kufunsidwa, ndipo ena m'kalasi mwanu ayamba kale kutha msinkhu.

Zimene zimalakwika kawirikawiri sizichokera ku nkhanza koma ku chifundo. Pamapezeka mwana mmodzi wamtima wabwino amene amadzipereka kukhala "wothandiza", ndipo pakatha mwezi iye wasiya kuvina, mnzakeyo wasiya kuganiza. Sinthani awiriawiri phunziro lililonse, ndipo pa masewero otsanzirana aliyense atsogolere kugunda kusanu ndi kutatu kenaka atsatire. Ana akamatsanzira dzanja lopindika la mnzawo, ena aseka tsiku loyamba. Musakalipe kalasi yonse. Ingofunsani kuti watsanzira molondola ndani, chigongono chinali pati, liwiro linali lotani. Kutsanzira kukasanduka ntchito yofuna maso akuthwa, kuseka kumatha. Koma wonyogodola mwadala mumutengere pambali.

Cholakwika china ndi nthungululu zopanda chifukwa. Mwana wa pa njinga akangokweza dzanja, aliyense m'manja. Iye amadziwa kuti sanachite kanthu, ndipo amazindikira kuti simukuyembekezera zambiri kwa iye. Yamikirani chinthu chenicheni: wagwa pa kugunda katatu motsatizana, dzulo kunali kamodzi.

Poyesa, musayese sitepe. Yang'anani zinthu zinayi: amasunga kugunda kwa gawo lake, amaonetsa kusiyana kwa mwamphamvu ndi mopepuka kapena mwadzidzidzi ndi modekha, amatsogolera ndi kutsatira mnzake, ndipo amatha kuloza kapena kunena chimene wamva m'thupi. Tengani bwalo limodzi pa phunziro, ana 17, ndipo m'maphunziro anayi kalasi yatha. Chitani kumayambiriro ndi kumapeto kwa teremu kuti muone kusintha kwa mwana aliyense.

Zolembera aphunzitsi aakulu zisapitirire theka la tsamba, ndipo zikhale zoti akabwera kudzaonerera athe kuona ngati mukuzichita. Mungalembe motere, m'mawu anuanu: "Mwana aliyense m'kalasi mwanga ndi wovina. Ndimaphunzitsa kugunda, kulemera, malo ndi kumverana, ndipo sitepe ndi njira imodzi yoonetsera zimenezi. Ndimapereka funso limodzi n'kulandira mayankho osiyana, koma muyeso ndi umodzi. Phunziro lililonse mwana amafunsidwa chimene wamva m'thupi mwake. Palibe wogwidwa, iye kapena njinga yake, asanavomere. Za chitetezo ndafunsa makolo ndipo ndazilemba." Pansi pake ikani mzere umodzi wa mwana aliyense mwa anayiwo: chopewa, ndi chochita zikavuta. Akafuna maziko a lamulo, Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 24 limakamba za maphunziro ophatikiza ana onse pamene gawo 30 limakamba za kutenga nawo mbali pa chikhalidwe ndi masewera. Ngati m'zoni mwanu muli mphunzitsi wa ana ofuna chithandizo chapadera, ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, mupempheni adzaonerere phunziro limodzi lathunthu osati kungosaina pepala.

Mayeso enieni a mfundozi adzabwera tsiku lotsekera sukulu kapena kukabwera alendo. Pamenepo padzakhala ofuna kubisa ana anayiwo, ndi ena ofuna kuika wa pa njinga pakati penipeni kuti alendo amve chisoni. Zonse ziwiri zikaneni. Aime pamene gule akufuna. Mukasankha mganda, umene kukongola kwake ndi mizere kuyendera pamodzi, konzani mizere iwiri ya kugunda kulikonse ndi umodzi wa kugunda kotalikirana, mnyamatayo akhale kumapeto kwa mzerewo kumene kuli malo otembenukira. Mtsikana wosamva akhale mzere wachiwiri, osati woyamba, kuti aziona misana ya anzake ndi wonyamula kansalu. Yeserani kamodzi pamalo enieniwo, pa ola lenilenilo, kuti muone kumene dzuwa likhale ndi ngati matayala akutitimira. Ndipo oimba ng'oma muwachenjeze: khamu likayamba kukuwa amafulumiza osadziwa, choncho mwana wa kansalu aime moyang'anizana nawo, ndipo iwo atsate kansaluko.